Kuika ndi kusamalira nano pa seva ya Linux: mafunso ndi mayankho

Munthu akalowa koyamba pa seva ya Linux kudzera pa SSH, njira yolowera pa seva uli pa kompyuta ina, amangopeza sikirini yakuda ndi kachizindikiro kophethira. Palibe Notepad, palibe podina ndi mausi. Komatu ntchito yambiri yosamalira seva ndi yosintha timafayilo ta mawu: mzere umodzi mu `sshd_config`, mizere ingapo mu fayilo ya nginx (pulogalamu yopereka mawebusayiti), nthawi ya ntchito mu crontab (ndandanda ya ntchito zoyenda zokha). Pa zimenezi pamafunika editor, pulogalamu yolembera, yaing'ono yogwira ntchito mu sikirini yakuda momwemo, imene imatchedwa terminal. Ine ndimaika nano pa seva iliyonse imene ndapatsidwa kuti ndisamale, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu ongoyamba ntchitoyi amandifunsa kawirikawiri.

Kodi nano ndi chiyani, nanga inachokera kuti?

Ndi kapulogalamu kolembera ndi kusinthira mafayilo a mawu mu terminal. Anakayamba ndi Chris Allegretta mu 1999. Nthawi imeneyo anthu ambiri ankakonda Pico, editor imene inkabwera ndi Pine, pulogalamu ya imelo ya University of Washington, koma chilolezo chake sichinkalola anthu kuisintha ndi kuigawa momasuka. Allegretta analemba ina yofanana nayo n'kuitcha TIP. Dzinali linkawombana ndi la pulogalamu ina ya Unix, choncho mu January 2000 linasinthidwa kukhala nano, ndipo mu 2001 inalowa m'gulu la mapulogalamu a GNU. Pa miyezo ya sayansi, nano imodzi ndi ma pico 1,000, ndiye dzinali likunena kuti ndi Pico yomweyo koma yokulirapo.

Ubwino wake waukulu ndi woti mabatani ofunika amalembedwa pa mizere iwiri ya pansi pa sikirini. Munthu amene sanaigwirepo akhoza kutsegula fayilo, kusintha, kusunga ndi kutuluka popanda womuuza.

Ndidziwa bwanji ngati ilipo kale pa seva yanga?

Lembani `nano --version`. Ikakhalapo, ikuuzani nambala yake. Mukaona "command not found", ndiye kuti palibe. Debian ndi Ubuntu Server zimabwera nayo kale, koma ma image ochepetsedwa a pa cloud ndi a Docker nthawi zambiri sakhala nayo.

Ndiika bwanji?

Zimatengera mtundu wa Linux umene uli pa sevayo. Ngati simukuudziwa, `cat /etc/os-release` ikuuzani.

Pa Debian ndi Ubuntu: `sudo apt update`, kenako `sudo apt install nano`.

Pa Fedora, RHEL, Rocky Linux ndi AlmaLinux: `sudo dnf install nano`. Pa CentOS 7 ndi `yum` m'malo mwa `dnf`.

Pa Alpine: `apk add nano`. Pa Arch: `pacman -S nano`. Pa openSUSE: `zypper install nano`.

Package yake, phukusi limene malamulowa amatsitsa, ndi yaing'ono, moti ngakhale netiweki ikhale yofooka siichedwa kutsika. Ndipo dziwani kuti ngati seva ili kutali, imatsikira pa sevayo, sidutsa pa bandulo yanu. Bandulo yanu imangodyedwa ndi zilembo zimene mukuona pa sikirini. Pa Alpine, mafayilo opaka mitundu pa mawu ali mu package ina yapadera, `nano-syntax`. Debian ilinso ndi `nano-tiny`, yochotsedwa zambiri, ya timakina tochepa malo kwambiri. Pa seva wamba sindiona chifukwa choisankhira.

Ikuti "Unable to locate package nano". Ndalakwitsa pati?

Kawirikawiri simunayendetse `apt update`. Apt imasunga mndandanda wa ma package pa seva pomwepo, ndipo pa seva yatsopano, makamaka mu container ya Docker, mndandandawo umakhala wopanda kanthu. Iuzeni ikatenge kaye mndandanda, kenako muyesenso.

Ngati `apt update` yomweyo ikulephera ndi ma 404, onani zaka za Linux yanu. Version ya Ubuntu imene nthawi yake inatha imasamutsidwira ku `old-releases.ubuntu.com`. CentOS 7 inafika pamapeto pa 30 June 2024, ndipo ma package ake anapita ku `vault.centos.org`. Mukhoza kuloza seva yanu kumeneko n'kupeza nano, koma apa vuto lenileni si editor ayi. Seva imeneyo inasiya kulandira zigamba za chitetezo, ndipo ngati ili pa intaneti iyenera kusamutsidwa.

Ngati uthenga ukunena za kulephera kupeza dzina la malo, monga "Temporary failure resolving", vuto ndi la DNS kapena netiweki ya sevayo.

Nanga uthenga wa "Could not get lock /var/lib/dpkg/lock-frontend"?

Pali pulogalamu ina imene ikugwiritsa ntchito apt pa nthawiyo. Pa Ubuntu yongoyatsidwa kumene imakhala `unattended-upgrades` ikuika zigamba yokha. Dikirani mphindi zingapo. Musafufute fayilo ya lock ija pomwe inayo ikadagwira ntchito, chifukwa mukhoza kusiya ma package ataikidwa theka, n'kuyamba kukonza vuto lalikulu kuposa limene munali nalo.

Seva yathu ili mu ofesi ndipo siilumikizidwa ku intaneti. Ndichite bwanji?

Pezani kompyuta ina ya Linux ya mtundu ndi version yofanana ndi sevayo, imene ili ndi intaneti. Pamenepo lembani `apt download nano`. Mupeza fayilo yothera ndi `.deb`. Isamutseni ndi flash kapena `scp`, ndipo pa seva lembani `sudo dpkg -i` n'kutsatiza dzina la fayiloyo. Nano imadalira zinthu zochepa, `libc6`, `libncursesw6` ndi `libtinfo6`, zimene nthawi zambiri zimakhalapo kale. Chofunika n'chakuti version ifanane. Mukatenga `.deb` ya Ubuntu 24.04 n'kukaika pa 20.04, ikana chifukwa ifuna `libc6` yatsopano. Onaninso mtundu wa purosesa: ya amd64 siingagwire pa Raspberry Pi.

Nano ya pa seva yanga ndi yakale. Ndikatenge yatsopano n'kuimanga ndekha?

Ine ndimati ayi, pokhapokha pali chinthu chenicheni chimene mukuchisowa. RHEL 8 ili ndi 2.9.8, RHEL 9 ili ndi 5.6.1, Ubuntu 22.04 ili ndi 6.2, pomwe Debian 12 ndi Ubuntu 24.04 zili ndi 7.2. Zonsezi zimatsegula fayilo, kusintha ndi kusunga bwinobwino. Imene yabwera kudzera pa apt kapena dnf ili ndi anthu oiyang'anira: pakapezeka bowo la chitetezo, chigamba chimakupezani pamodzi ndi zina zonse. Imene mwamanga nokha palibe amene akuidziwa koma inu, ndipo tsiku limene mudzasiye ntchito pamalopo, wobwera pambuyo panu sadzadziwa kuti inachokera kuti.

Pali nthawi imodzi imene kumanga nokha kumathandiza: pamene mulibe mphamvu za root, akaunti yolamulira chilichonse, pa seva ya eni ake. Mukatsitsa source yake, mumalemba `./configure --prefix=$HOME/.local`, kenako `make` ndi `make install`, ndipo imakhala mu foda yanu osakhudza ena. Pamafunika compiler ndi `libncurses-dev`, kapena `ncurses-devel` ku mbali ya RHEL. Mukaimanga ngati root popanda `--prefix`, imapita ku `/usr/local/bin`, ndipo imeneyo ndi imene izitseguka m'malo mwa ya `/usr/bin`. Lamulo la `type -a nano` limaonetsa zonse zimene zilipo.

Ndatsegula fayilo. Zizindikiro za ^ ndi M- zili pansizi zikutanthauza chiyani?

Chizindikiro cha ^ ndi batani la Ctrl. M- ndi Alt. Ndiye ^O ndi Ctrl pamodzi ndi O, ndipo M-U ndi Alt pamodzi ndi U.

Ctrl+O imasunga. Ikufunsani dzina la fayilo, inu n'kudina Enter. Ctrl+X imatuluka, ndipo ngati pali zosasungidwa imafunsa: Y kusunga, N kutaya. Pa ma version atsopano Ctrl+S imasunga osafunsa. Ctrl+W ndi yofufuzira mawu, Ctrl+\ ndi yofufuza n'kusintha. Ctrl+K imadula mzere wonse, Ctrl+U imaumata pamene muli. Mukalakwitsa, Alt+U imabweza, Alt+E imabwezeretsa chimene munabweza. Kuti musankhe chigawo, dinani Alt+A, yendani ndi mivi, kenako Ctrl+K kudula kapena Alt+6 kukopera. Zina zonse zili pa Ctrl+G.

Chimodzi chimene chimapulumutsa nthawi: pulogalamu ikadandaula kuti vuto lili pa mzere 87, lembani `nano +87` n'kutsatiza dzina la fayilo, mufikira pomwepo.

Ndikadina Ctrl+W, tsamba lonse la browser likutsekeka. Nanga pa foni ndipanga bwanji?

Izi zimachitika mukalowa pa seva kudzera pa console ya mu browser, monga imene makampani obwereketsa maseva a pa intaneti (VPS) amapereka. Browser imalanda Ctrl+W isanafike ku nano. Gwiritsani ntchito F6, imagwira ntchito yomweyo. Kuyambira nano 8.0 ya 2024, Ctrl+F nayo imafufuza.

Pa foni kapena pa kiyibodi imene Ctrl ndi Alt zikuvuta, batani la Esc limalowa m'malo. Esc kawiri kenako chilembo ndi chimodzimodzi Ctrl ndi chilembocho. Esc kamodzi kenako chilembo ndi Alt. Termux pa Android imaika mzere wa mabatani owonjezera pamwamba pa kiyibodi, pomwe pali Ctrl, Alt ndi Esc. Ndakonzapo seva ndili pa minibasi mwa njira imeneyi. Zimatheka, koma ndi za pangozi chabe, chifukwa pa kasikirini kakang'ono n'kosavuta kufufuta chilembo osaona.

Ndasintha fayilo ya mu /etc koma ikukana kusunga. Ndizingolemba sudo nano basi?

Ikukana chifukwa mafayilo a mu `/etc` ndi a root. Ngati mwalemba kale zambiri, musataye: dinani Ctrl+O, sinthani dzina kukhala la mu foda yanu kapena `/tmp`, kenako mukopere ndi `sudo cp`.

`sudo nano` imagwira ntchito, ndipo anthu ambiri amatero. Koma pano ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene editor yaing'ono imasanduka nkhani yaikulu. Mukalemba `sudo nano`, pulogalamu yonse imayenda ngati root. Nano imatha kutsegula fayilo ina iliyonse muli momwemo, imatha kusunga pa dzina lililonse, ndiponso imatha kuyendetsa malamulo a shell. Ngati ndinu mwini seva, palibe chimene mwawonjezera, mphamvuzo muli nazo kale. Koma taganizani kuti mwapatsa wophunzira ntchito chilolezo mu sudoers, fayilo yolembamo ololedwa kugwiritsa ntchito sudo, choyendetsa nano pa fayilo imodzi ya webusayiti. Inu mukuona ngati mwamupatsa kiyi wa chipinda chimodzi, pomwe mwamupatsa wa nyumba yonse. Akhoza kutsegula `/etc/shadow`, mosungidwa mapasiwedi, kapena kudzilembera yekha mu sudoers.

Njira yabwino ndi `sudoedit`, yomwe ndi chimodzimodzi `sudo -e`. Imakopera fayiloyo pa malo ongoyembekezera, imatsegula editor ndi mphamvu zanu wamba, ndipo mukatuluka imabwezera zosinthazo pa malo ake. Editor siikhala root nthawi ina iliyonse. Mu sudoers mumalemba chilolezo cha `sudoedit` pa fayilo yeniyeniyo, ndipo munthuyo sangapitirire pamenepo. Dziwani kuti `sudoedit` imakana ma symbolic link, timafayilo tongoloza ku fayilo ina, choncho pa nginx ya Debian sinthani fayilo ya mu `sites-available`, osati ya mu `sites-enabled`.

Pali mafayilo ena amene ali ndi khomo lawolawo. Sudoers imasinthidwa ndi `visudo`, imene imayang'ana zolakwika isanasunge. Mukaitsegula mwachindunji n'kulakwitsa chilembo chimodzi, sudo ikhoza kuleka kugwira ntchito, ndipo ngati root alibe pasiwedi mwadzitsekera kunja. Crontab imasinthidwa ndi `crontab -e`, `/etc/passwd` ndi `vipw`, ndipo ma service a systemd ndi `systemctl edit`. Onsewa amatha kutsegula nano yomweyo mkati mwawo.

Ndikalemba crontab -e kapena git commit kukutseguka vi. Ndisintha bwanji kuti kuzibwera nano?

Njira yogwira pa Linux iliyonse ndi kuika mizere iwiri mu `~/.bashrc` kapena `~/.profile`: `export EDITOR=nano` ndi `export VISUAL=nano`. Tulukani n'kulowanso.

Pa Debian ndi Ubuntu pali zina ziwiri. `select-editor` imasankhira inu nokha, ndipo imalemba chisankhocho mu `~/.selected_editor`. `sudo update-alternatives --config editor` imasankhira seva yonse, chifukwa imasintha kumene `/usr/bin/editor` ikuloza. Ngati pa sevapo muli angapo, afunseni anzanu musanasinthe yachiwiriyi.

Git ili ndi yakeyake: `git config --global core.editor nano`. Pa `visudo`, maseva ambiri amalola `sudo EDITOR=nano visudo`. Fedora inapanga nano kukhala editor yoyambirira kuyambira Fedora 33 mu 2020.

Makonda a nano amasungidwa kuti, ndipo inu mumaikamo chiyani?

A seva yonse ali mu `/etc/nanorc`. Anu ali mu `~/.nanorc` kapena `~/.config/nano/nanorc`. Mafayilo opaka mitundu ali mu `/usr/share/nano/`, ndipo mzere wa `include "/usr/share/nano/*.nanorc"` umawayatsa onse.

Ine ndimaika zochepa: `set linenumbers` kuti ndizionera manambala a mizere, `set softwrap` kuti mzere wautali uzipindika pa sikirini popanda kudulidwa mu fayilo, `set constantshow` kuti izionetsa nthawi zonse mzere umene ndilipo, ndi `set positionlog` kuti fayilo izitseguka pamene ndinalekezera. `set mouse` sindiikonda chifukwa imasokoneza kukopera ndi mausi mu PuTTY, pulogalamu yolowera pa seva ndi SSH.

Anthu amadabwa kuti makonda awo sakuoneka akalemba `sudo nano`. Chifukwa chake n'chakuti root amawerenga `/root/.nanorc`, osati yanu. Ndi `sudoedit` vutoli kulibe, popeza editor ikuyenda m'dzina lanu.

Netiweki inaduka ndili mkati mosintha fayilo. Ntchito yanga yatayika?

Mwina ayi. SSH ikaduka ndipo nano yalandira chizindikiro choti terminal yapita, imayesa kulemba zimene zinali zosasungidwa mu fayilo ina pafupi ndi yoyambayo, ya dzina lothera ndi `.save`. Ikakhalapo kale, imapanga `.save.1`, n'kumapitirira choncho. Yerekezani ziwirizo ndi `diff`, tengani zimene mukufuna, kenako fufutani ya `.save`.

Kufufutako musakuiwale. Kwathu kuno magetsi akathima rauta imathima nawo, bandulo imatha pakati pa ntchito, ndiye timafayilo timeneti timachuluka pa maseva osamalidwa kuchokera kuno. Si zinyalala wamba. Nginx ya Debian ndi Ubuntu imawerenga chilichonse chimene chili mu `sites-enabled`, ndiye `default.save` ikakhala mmenemo imawerengedwa ngati webusayiti ina, n'kuyamba kuwombana ndi yeniyeniyo. Choopsa kwambiri ndi cha mu foda ya webusayiti. `wp-config.php` ya WordPress imayendetsedwa ndi PHP, ndipo mlendo saona za mkati mwake. Koma `wp-config.php.save` si PHP pamaso pa seva, ndi fayilo wamba imene ikhoza kuperekedwa kwa aliyense woipempha, pamodzi ndi pasiwedi ya database. Pa intaneti pali maroboti amene amangoyendayenda n'kumayesa mayina ngati amenewa. Ndinalandirapo seva ya bungwe lina ndipo ndinapeza fayilo yotere itakhala poyera kwa nthawi yaitali. Tinasintha mapasiwedi onse tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo, seva iliyonse imene ndalandira ndimayamba ndi `sudo find /etc /var/www -name "*.save*" -o -name "*~"`.

Mafayilo othera ndi `~` amachokera ku `set backup`, ndipo ngozi yake ndi yomweyo. Ngati mukufuna makope otere, onjezani `set backupdir` yoloza ku foda ya kunja kwa webusayiti, imene mwaipanga kale.

Mukalowanso, mwina nano ikuuzani kuti fayiloyo ikusinthidwa ndi munthu wina, n'kutchula PID, nambala ya pulogalamu imene yaitsegula. Debian ndi Ubuntu zimayatsa `set locking`, imene imasiya kafayilo kobisika kothera ndi `.swp`. Onani ndi `ps` ngati PID imeneyo ikadali moyo. Ngati ndi nano yanu yakale, itsekeni ndi `kill` wamba kuti ipeze mpata wolemba `.save`. Ngati ndi ya mnzanu, muimbireni foni musanapitirize.

Mankhwala enieni a zonsezi ndi tmux kapena screen, mapulogalamu osunga terminal yanu yotsegula pa seva ngakhale SSH iduke. Mukangolowa, lembani `tmux new -s ntchito`, n'kugwira ntchito zanu mmenemo. Netiweki ikaduka, nano imatsala yotsegula pa seva. Mukabwerera, `tmux attach -t ntchito` ikubwezerani pamene munali, chilembo ndi chilembo.

Fayilo ikuoneka bwino pa sikirini koma pulogalamu ikuikana. Chingakhale chiyani?

Nthawi zambiri ndi zilembo zosaoneka, ndipo zilipo za mitundu itatu.

Choyamba ndi tab. YAML, imene netplan, Docker Compose ndi Ansible zimagwiritsa ntchito, siilola tab poyambira mzere, imafuna mipata. Makefile ndiye imafuna tab yeniyeni. Mukaika `set tabstospaces` mwathandiza YAML koma mwapweteka Makefile. Pofuna tab yeniyeni makondawo ali oyaka, dinani Alt+V kenako Tab. Alt+P imaonetsa ma tab ndi mipata kuti muzione ndi maso.

Chachiwiri ndi mathero a mizere a Windows. Script yolembedwa pa Windows n'kukwezedwa pa seva imakana kuyenda, n'kumati `/bin/bash^M: bad interpreter`, kapena pa bash yatsopano "required file not found". Nano ikatsegula fayilo yotere imanena pansi kuti "Converted from DOS format", koma posunga imaibwezera mmene inaipezera. Dinani Ctrl+O, kenako Alt+D musanadine Enter, kuti isungidwe mwa Unix. Lamulo la `dos2unix` limachitanso zomwezo.

Chachitatu chimakhudza maseva akale okha. Nano isanafike 4.0 mu 2019, inkadula yokha mizere yaitali. Mukamata kiyi ya SSH mu `authorized_keys`, imene iyenera kukhala mzere umodzi, inkatha kugawika n'kusiya kugwira ntchito. CentOS 7 ili ndi nano 2.3.1, ndiye kumeneko muzitsegula ndi `nano -w`.

Chilembo cha ŵ chikuoneka ngati zinyalala. Nano siidziwa zilembo zathu?

Imazidziwa. Vuto ndi locale ya seva, makonda ake a chinenero ndi zilembo. Lembani `locale`. Mukaona `C` kapena `POSIX`, ndiye kuti terminal yanu siikugwiritsa ntchito UTF-8, ndipo ŵ ya mu Malaŵi ioneka ngati zizindikiro ziwiri zachilendo. `export LANG=C.UTF-8` imakonza pa nthawiyo. Kuti zikhazikike pa Debian, `sudo dpkg-reconfigure locales`. Onaninso kuti PuTTY yanu ili pa UTF-8.

Ngati kiyibodi yanu ilibe chilembochi, dinani Alt+V n'kulemba 000175, mupeza ŵ. Chachikulu, Ŵ, ndi 000174.

Ikuti "Error opening terminal". Ndiike nano kachiwiri?

Ayi, nano ili bwino. Seva siikudziwa mtundu wa terminal imene mwalowa nayo. Zimachitika ndi ma terminal atsopano ngati kitty ndi Alacritty, komanso mu ma container. Lembani `export TERM=xterm` n'kuyesanso. Pa Debian, package ya `ncurses-term` imawonjezera mitundu yambiri ya ma terminal. Pa Docker musaiwale `-it` polemba `docker exec`.

Ndingatsegule log yaikulu ndi nano?

Musatero. Nano imalowetsa fayilo yonse mu RAM. Log ya magigabaiti awiri pa VPS ya gigabaiti imodzi ikhoza kupangitsa kernel kuyamba kupha mapulogalamu, ndipo wophedwayo akhoza kukhala database yanu. Powerenga gwiritsani ntchito `less`, `tail -f`, `grep` kapena `journalctl`. Pa fayilo yaing'ono imene mukufuna kungoona osasintha, `nano -v` imatsegula mowerenga chabe.

Nanga kuikweza, kuiimitsa pa version imodzi, kapena kuichotsa?

Imakwera pamodzi ndi zina mukalemba `apt upgrade` kapena `dnf upgrade`. Pofuna iyo yokha, `sudo apt install --only-upgrade nano`. `apt policy nano` imaonetsa imene muli nayo ndi imene ilipo, ndipo `dpkg -L nano` kapena `rpm -ql nano` imatchula mafayilo onse amene package inaika. Ngati munasintha `/etc/nanorc`, dpkg ikhoza kukufunsani ngati isunge yanu kapena iike yatsopano. Mukasunga yanu, yatsopanoyo imaikidwa pambali ndi dzina lothera ndi `.dpkg-dist`. Ku mbali ya RPM imakhala `.rpmnew`.

`apt-mark hold nano` imaimitsa kukwera, ngakhale sindinapezepo chifukwa chabwino chochitira zimenezi pa editor.

Pochotsa, `apt remove nano` imasiya `/etc/nanorc`, pomwe `apt purge nano` imachotsa ndi imeneyo yomwe. Palibe mwa ziwirizi imene imakhudza `~/.nanorc` yanu. Werengani mndandanda wa zimene apt ikufuna kuchotsa musanavomere, ndipo tsimikizani kuti pa seva patsala editor ina.

Ndiike nano mu container ya Docker?

Pofufuza vuto kwa mphindi zochepa, palibe cholakwa. Koma chilichonse chimene mwaika kapena kusintha mkati mwa container chimapita container ikapangidwanso. Kusintha koyenera kukhalitsa kulembedwe mu Dockerfile kapena mu fayilo ya pa seva imene yalumikizidwa ngati volume, ndipo imeneyo mumaisintha ndi nano ya pa seva.

Anzanga akuti wosamalira seva weniweni amagwiritsa ntchito vi. N'zoona?

Fayilo siidziwa editor imene yailemba. Ndaona anthu odziwa ntchito kwambiri amene amagwiritsa ntchito nano tsiku ndi tsiku, ndipo sindifuna kuti wongoyamba kumene achite manyazi ndi chida chimene chikumuthandiza. Vim, imene Bram Moolenaar anatulutsa mu 1991 potengera vi ya Bill Joy ya m'ma 1970, ndi yamphamvu kwambiri kwa amene amakhala mu editor tsiku lonse, ndipo amene akufuna kuiphunzira sataya nthawi.

Komabe pali zinthu zinayi za vi zimene aliyense ayenera kudziwa, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsiku lina mudzapezeka pa rauta, pa Alpine, kapena pa seva imene netiweki yake yafa, pomwe pali vi ya BusyBox yokha ndipo nano simungaitsitse. Batani la `i` limakulowetsani polemba. Esc imakutulutsani polembapo. `:wq` imasunga n'kutuluka. `:q!` imatuluka osasunga. Yeserani zimenezi lero pa fayilo yopanda ntchito.

Palinso micro, yolembedwa m'chinenero cha Go, imene mabatani ake ndi ozolowereka ngati Ctrl+C ndi Ctrl+V, komanso mcedit ya Midnight Commander. Zonsezi n'zabwino, kungoti simuzipeza zitaikidwa kale.

Ndasunga fayilo. Ndingoyambitsanso service tsopano?

Dikirani kaye. Nano imasunga chilichonse chimene mwalemba, cholondola ndi cholakwika chomwe, ndiye woyang'ana ndinu. Musanasinthe fayilo yofunika, ikopereni ku foda ina ya kunja, monga `/root/makope/`. Mukasintha, funsani pulogalamu yake ngati yamva: `nginx -t` pa nginx, `apachectl configtest` pa Apache, `sshd -t` pa SSH, `visudo -c` pa sudoers, `findmnt --verify` pa `/etc/fstab`. Pa netplan gwiritsani ntchito `netplan try`, imene imabwezeretsa makonda akale pakatha masekondi 120 ngati simunavomereze, ndiye ngakhale mwadzidulira netiweki seva imabwerera yokha.

Pa `sshd_config` pali chizolowezi chimodzi chimene sindichilumpha. Mukayambitsanso SSH, musatseke zenera limene mwalowera. Tsegulani lachiwiri n'kuyesa kulowa. Likakana, loyamba lija likadali lotsegula ndipo mukhoza kubweza zimene munasintha. Mukatseka loyambalo musanayese, chotsala ndi console ya kampani ya VPS, kapena ulendo wopita kumene kuli sevayo mutanyamula kiyibodi ndi sikirini.

Ngati mumasintha mafayilo a mu `/etc` kawirikawiri, kapena muli angapo pa seva imodzi, ikani `etckeeper`. Imasunga foda yonse ya `/etc` mu Git, ndipo imalemba yokha kamodzi pa tsiku komanso nthawi iliyonse imene apt kapena dnf yaika kanthu. Mukalowa mu `/etc` n'kulemba `sudo git diff` muona zimene zasintha kuchokera pamene inalemba komaliza, ndipo `sudo git log -p ssh/sshd_config` ikuonetsani mbiri yonse ya fayilo imeneyo, mzere uliwonse ndi tsiku lake.